Mphindi Zitatu pa Chiboliboli cha Nkhwazi

Mumzindawu nyimbo zimaloledwa malo amodzi okha: pa chiboliboli cha Gilibati Nkhwazi, yemwe anali katswiri wa nyimbo za jazi. Masana aliwonse lipenga la m'manja mwake limalira, ndipo banja lililonse limapatsidwa mphindi zitatu pachaka kuti lisankhe choti chimveke.

Tsiku la banja la Nabanda linafika amuna awo atamwalira kumene. Mayiwo ankafuna nyimbo ya maliro. Lonjezo, mwana wawo amene anasiya koleji kudzadwazika bambowo, anakana.

"Amayi, talira mokwanira. Ndili ndi mawu a bambo mufoni."

"Akupemphera?"

"Akusamba."

Malemuwo ankakonda kutsanzira lipenga la Nkhwazi ndi pakamwa ali m'bafa, moipa kwabasi.

"Iwe, ukufuna mzinda wonse uwaseke amuna anga?"

Komabe onse awiri anapita ku chiboliboli ndi mawu a mufoni aja. Nthawi itakwana, chiboliboli chinayamba: "Paa-pa-raaa!" Madzi khuthu. Kenako: "Nabanda, sopo ali kuti?"

Ogulitsa nthochi anafa nalo phwete. Lonjezo anaopa kucheuka, poganiza kuti wawachititsa manyazi mayi ake.

Nabanda anapukuta misozi, akuseka, n'kukuwira chibolibolicho: "Ali pawindo, bambo inu! Pomwe amakhala masiku onse!"