Matayala a Lawson

"Kumbuyo muike matayala aakulu, kutsogolo aang'ono," anatero Lawson, akusisita kagalimoto kake kofiira ka mipando iwiri komwe anabwera nako kuchokera ku Joni.

"Osangoika ofanana onse bwanji, bwana?" anafunsa makaniko wa pa Khombedza.

"Zofananazo n'za ngolo. Galimoto yaliwiro imavala chonchi."

Kunena zoona, Lawson sankasaka liwiro, poti msewu wake unali wa maenje okhaokha. Ankangofuna kuti amalume a bwenzi lake Gladys, omwe anali atakana kale anyamata awiri ofunsira mbeta, aone kuti kwabwera munthu wodziwa zinthu.

Loweruka analowa m'Chipoka pang'onopang'ono, chigongono chili pawindo. Ngakhale ayufi ofunsa makhadi a chipani pamsika anaiwala kumufunsa lake, maso ali pagalimoto.

Atafika kwawo kwa Gladys, amalume aja anaizungulira galimotoyo, nayeza tayala lakutsogolo ndi chikhatho, kenako lakumbuyo. Anapukusa mutu n'kumukokera Lawson kuseri kwa thandala la usipa.

"Mwana wanga, musachite manyazi," ananong'ona. "Ndaona, matayalawa ndi otolatola. Anzanu aja ndinawakana chifukwa cha matama. Koma munthu woyenda poyera ndi umphawi wake chonchi, ameneyo angatisungire mwana."

Lawson anatsegula pakamwa kuti afotokoze za liwiro ndi makona. Kenako anaona Gladys pakhonde, ataluma nsonga ya chitenje pobisa kuseka.

"Zinthu zinavutadi, amalume," anayankha, atazolika mutu.