Chidole Cholira cha Galu wa ku Chawama

Panali munthu wina ku komboni ya Chawama, dzina lake Jameson Chishimba. Nkhani yake inachokera kwa mayi wina amene ankakhala naye pa yadi imodzi, ndipo akuti zonse anaziona ndi maso ake.

Chinali chaka chimene makampani ambiri anatseka, unga unakwera mtengo, akuba nawonso anachuluka m'makomboni. Atamubera njinga pakhomo, Jameson anakatenga kamwana ka galu kwa mnzake kuti kazilonda. Anakatcha Taiga. Galuyo anakula msanga, koma anali ndi vuto limodzi, kutafuna. Anatafuna mapatapata, chingwe cha wailesi, mpaka nsapato za kutchalitchi za Ketty, mkazi wa Jameson.

"Ba Jameson, imbwa iyi izatisiliza," anatero Ketty. "Ipaseni chabe ntambo yolimba, mumange mafundo, izidonsa. Olo katayala kakudala."

"Ntambo? Taiga ni mbuzi?" anayankha Jameson, akuseka zoti galu apatsidwe chingwe.

Tsiku lina masana, akuchokera kofuna ganyu, anapeza bambo wachilendo atayala saka m'mbali mwa njanji. Pasakapo panali zidole zokhazokha, zakale, zina zili ndi dothi lofiira m'tsitsi. Bamboyo anatola chimodzi chachikulu ngati khanda n'kuchifinya pamimba. Chinalira ndendende ngati mwana.

"Mwavichosa kuti ivi, ba mudala?" anafunsa Jameson.

"Bene bake banaleka kusobela," anatero bamboyo, kutanthauza kuti eni ake anasiya kusewera nazo. "Tengani ichi. Imbwa yanu izachikonda."

Jameson anagula. Ali m'njira ndi pamene anakumbukira kuti sanamuuze munthuyo kuti ali ndi galu.

Ketty atachiona anakumbatira mwana wawo Mwaba, khanda limene linali lisanayambe kukwawa.

"Awe, chosani ichi. Muona doti iyo? Elo chilila monga Mwaba. Imbwa siziba kusiyanisa."

"Iwe na mantha yako. Ni chidoli chabe."

Pofuna kuti chisang'ambike msanga, Jameson anatenga kavesiti ka Mwaba kamene kanachepa n'kuveka chidolecho, kenako anachiponyera galu.

Taiga anachikonda zedi. Ankachiluma paphewa, kuchikutumula uku ndi uku, kenako n'kuchikokera kuseri kwa chimbudzi, kumene ankachigonera n'kumachitafuna. Chikalira, iye ankakondwa n'kuwonjeza mphamvu. Nsapato zinapuma. Jameson ankadzitama kwa aliyense.

Masiku oyamba Ketty akamva kulirako ankathamangira m'nyumba, n'kupeza Mwaba ali mtulo. Anansi nawo ankakuwira Ketty kuti, "Bana Mwaba, mwana alila!" Iye ankayankha kuti, "Ni chidoli cha imbwa." Patapita nthawi onse anazolowera. Kulira kukamveka kuseri kwa chimbudzi, panalibenso amene ankadzuka.

Loweruka lina madzi anabwera pampopi atasowa kwa masiku. Ketty anagoneka Mwaba pamphasa, pamthunzi wa pakhomo, natenga zigubu.

"Ba Jameson, muziyang'ana mwana. Nibwela manje manje."

"Yenda, nilipo," anatero Jameson, maso ali pa dirafuti imene ankasewera ndi anzake pansi pa mtengo.

Posakhalitsa kulira kunayamba kuseri kwa chimbudzi. Mnzake wina anadzutsa mutu.

"Osavutika, ni Taiga na kamwana kake," anatero Jameson. Onse anaseka, masewera n'kupitirira.

Ketty atabwerera anamvanso kulirako, koma sanaime. Anatula chigubu, navundukula beseni lalikulu kuti anyike zovala. Pansi pa besenilo panali chidole chija. Mutu unali utaduka, mimba itang'ambika, kabokosi kamene kankalira kataphwanyika pakati.

Kuseri kwa chimbudzi kulira kunali kukupitirira.

Ketty anacheukira pamphasa. Panalibe mwana.

Kukuwa kwake kunamveka yadi yonse. Onse atathamangira kuseriko anapeza Taiga atagona, Mwaba ali pakati pa miyendo yake yakutsogolo, kavesiti kamene anavala katang'ambika, phewa lili magazi. Galuyo sanali wolusa. Anawayang'ana akugwedeza mchira, ngati akuwaonetsa chidole chake chatsopano.

Mwaba anapulumuka. Kuchipatala anamusoka phewa n'kumubaya majekeseni, koma chipsera ali nacho mpaka lero. Jameson anapereka Taiga kwa mlimi wina kutali ndi tauni. Jameson atabwerera kunjanji kukafuna bambo uja, amayi ogulitsa makala pamalopo anati sanaonepo munthu wotero. Mmodzi anangonena chapansipansi kuti zidole zokhala ndi dothi lofiira ena amakazitola pamanda a ana. Zoona zake palibe akudziwa.

Koma chimene chimamudya Jameson si bamboyo ayi. Ndi funso la namwino amene anasoka mwanayo.

"Ba tate, nonse pa yadi simunamvele mwana alila?"

Jameson anayang'ana pansi.

"Tinamumvela, ba sisita. Tonse tinamumvela."

Phunziro: Galu amaphunzira pa zimene timamupatsa. Musamupatse chidole chooneka kapena cholira ngati mwana, ndipo musachiveke zovala zonunkhira mwana wanu. Mupatseni chingwe cholimba chamfundo kapena mpira wolimba umene sangaumeze, ndipo chikang'ambika chitayeni. Musagule kwa munthu amene simudziwa kumene watenga katundu wake. Mwana musamusiye pansi ndi galu, ngakhale galu wofatsa, ndipo mukamva kulira dzukani mukaone ndi maso anu. Ngati mukudziwa banja limene lili ndi galu ndi khanda, litumizireni nkhaniyi lero lomwe.