Mng'alu wa Pamwamba pa Bedi

Lydia anachenjeza katatu konse, koma palibe amene anamumvera. Koyamba anauza mwamuna wake Enerst, sabata yomwe amisiri anayamba kusanja nyumba ina pamwamba pa nyumba yawo ya lendi ku Kawale. Anamulozera kamzere kopyapyala ngati ulusi pa bimu, mtanda wa konkire wodutsa pamwamba pa bedi. Enerst sanakweze n'komwe maso. Anati ndi pulasitala chabe, akazi mumaopa ndi mphemvu yomwe. Kachiwiri anauza amisiriwo, ndipo wina anamuyankha ali pamakwerero kuti alamu akatenge kaye digiri. Kachitatu anatsekereza mwini nyumba, Bambo Lajabu, pageti. Iwo anangoti tiona, amake Tamanda, n'kulowa m'galimoto.

Pomatha miyezi iwiri, kamzere kaja kanali mng'alu wolowa nsonga ya mpeni, woongoka motsata utali wa bimu ngati wina wachita kujambula ndi rula. M'mawa uliwonse Lydia ankakutumula timchenga pa shawelo ya Tamanda, mwana wake wa miyezi isanu. Ankakwera pa mpando n'kuika chizindikiro cha pensulo pomwe mng'aluwo wathera, koma pakangodutsa masiku atatu chizindikirocho chinkatsalira m'mbuyo. Bedi analibe koisunthira, chipinda chake n'chimodzi. Enerst anali atasamukira pabalaza, ati kulira kwa mwana kumamusowetsa tulo, ndipo wakabaza wosagona amapha anthu pamsewu.

Mkwiyo wonse wa Lydia unali pa Bambo Lajabu. Munthu wamtundu wanji woika nyumba pamutu pa anzake iwo ali momwemo? Pa kiyosiki ya madzi amayi ankanena kuti bamboyo amaumira simenti, thumba limodzi mawilibala osawerengeka. Tsiku lomwe Lydia anawauza kuti akawanenera ku khonsolo m'pamene anagwedezeka.

Lachisanu masana Bambo Lajabu anafika ndi injiniya, dzina lake Clifford. Enerst anauzidwa kuti adzakhalepo, koma analawira ku siteji, foni ili chizimire.

Clifford anayeza mng'alu, anagogoda bimu ndi kahamala, kenako anayendetsapo kamakina komwe kankalira paliponse pomwe mkati muli chitsulo. Atatero anakhala pa bedi pomwepo n'kutsegula laputopu. Pa sikirini panaoneka bimu yomwe ija, yogawidwa m'timabokosi ting'onoting'ono. Anafotokoza kuti kompyutayo amaiuza zomwe zili pa pulani, kulimba kwa konkire ndi kulemera kwa nyumba yapamwamba, ndipo iyo imaonetsa pomwe konkire ingang'ambike. Anadina. Bimu yonse inakhala yabuluu, yopanda ndi kamzere komwe.

Lydia anatembenukira kwa Clifford.

"Ndiye kompyuta yanu ikuti ine ndapenga? Kwezani maso, achimwene, mng'alu uli pamutu panupo. Kapena akuuziranitu zoti mudzanene?"

Clifford anamupempha kuti adekhe. Anati chithunzicho chikungotanthauza kuti akanatsata pulani, bimuyo sikanang'ambika, choncho pali pomwe wina anapatuka. Anachepetsa mphamvu ya simenti m'kompyutamo. Ming'alu yofiira inatulukadi, koma yopingasa, chapakati, yosafanana ndi ya pamwamba pa bedi. Anapukusa mutu kuti simenti si vuto. Lydia anayang'ana Bambo Lajabu ndi diso loti musasangalale msanga.

Kenako injiniyayo anafika polumikizana zitsulo. Anati zitsulo ziwiri zikakumana mkati mwa bimu, pulani imafuna kuti zipitirirane mkono wathunthu, zimangidwe pamodzi ndi waya. Kamakina kake kanapeza kuti zinapitirirana chikhatho chimodzi basi. Anasintha nambala, n'kudinanso.

Mzere wofiira unayambira chakukhoma. Unakwawa pang'onopang'ono motsata utali wa bimu, woongoka, mpaka kufika pomwe panali chizindikiro cha pensulo cha dzulo. Koma sunaime pamenepo. Unapitirira, ndipo timabokosi tija tinayamba kulekana. Lydia anatola Tamanda pa bedi mwachangu moti mwanayo anadzidzimuka n'kuyamba kulira.

Clifford anatseka laputopu. Anati chitsulocho chikusololoka, ndiye chikung'amba konkire kuchokera mkati. Nyumba yapansi yokha ikanatha kupirira zaka, koma njerwa iliyonse yokwera pamwamba ikufulumizitsa ngozi. Ntchito iime lero, mawa abwere ndi mizati yochirikiza.

"Uku si kulakwitsa, bwana," anatero akuyang'ana Bambo Lajabu. "Womanga zitsulo anachita kufupikitsa dala kuti zina zitsale. Ameneyo akudziwa bwino chomwe anasiya mubimumu."

Apa Lydia sanathenso kudzigwira. Anawauza Bambo Lajabu zonse zomwe anasunga miyezi iwiri: kuti iwo amagona ku nyumba yolimba pomwe ana a eni akupuma fumbi la simenti, kuti kukonda amisiri otchipa n'kupha anthu, kuti denga likanagwa akanabwera pamaliro ndi nkhope yachisoni ngati sadziwa kanthu. Amisiri pamwamba anasiya kugogoda kuti amve bwino.

Bambo Lajabu anadikira mpaka mawu atamuthera. Anavula chipewa, n'kuchipindapinda m'manja.

"Amake Tamanda, zitsulo ndinagula zonse zomwe pulani inanena. Ndinazisiya m'manja mwa munthu amene ndinkamukhulupirira, moti atasiya zomangamanga n'kukwatira, ndinamupatsa nyumba yomweyi kuti azichita lendi. Akabwera amuna anu, muwafunse."

Lydia anabereka mwana, anatsitsa chikwama pamwamba pa wadiropu, ndipo mumtima anali atamaliza kale: kukacha adzakhala ali kwa mchemwali wake ku Area 36, ndipo Enerst sadzauzidwa.