Bulangete la a Yoswa

Mtsikana wina anangofika pakhomo pa a Yoswa ku Mooinooi, ku Joni, chikwama m'manja, nati ndi Linnet wa ku Dedza. A Yoswa, tchona amene anapuma ntchito ya pamgodi, anamulandira osafunsa zambiri.

Atamva kuti mtsikanayo abwerera kumudzi posachedwa, anasolola phukusi lafumbi pansi pa bedi.

"Bulangete ili ndinagulira mayi akunyumba, a Nangozo, kalekale. Ukandiperekere pamanja."

"Bwanji simunatumize pa positi, bambo?"

"Positi ya ku Joni kuno ndi yachangu, koma akayeza pasikelo, masitampa amaposa mtengo wa bulangete. Ya kwathu ndi yotchipa, koma phukusi limagona m'njira mpaka kusowa. Ndinkadikira munthu."

Mtsikanayo anasisita phukusilo kwa nthawi yaitali.

"Ya kwathu sitaya katundu," anatero motsitsa mawu. "Amayi ankapita kukafunsa Lachisanu lililonse. Tinawaika m'manda mwezi wa Juni, m'nsalu yochita kupempha."

A Yoswa anangoti maso pakhoma.

"Ndiwe yani, mwanawe?"

"Ndine Mwandida. Dzinali munasiya mutatchula ndinu, ine ndili m'mimba."