Nambala Yolembedwa Pachikhatho

Panali munthu wina, dokotala wa mano, amene anaphunzira kuyendetsa ndege atakula kale. Anamuphunzitsa ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, yemwe anali ndi kandege ka mipando iwiri ndipo ankadyera pomwepo, kuphunzitsa anthu. Chiphaso chitangotuluka, dokotala uja anagula magalasi akuda, ndipo odwala akamutchula kuti Kaputeni ankamwetulira mpaka mano onse poyera.

Mlamuyo anamupatsa kiyi wakewake wa ndegeyo, koma ndi malangizo.

"Alamu, mukanyamuka muzitsata njanji. Kumanzere kwa njanjiyo ndi njira ya ndege zikuluzikulu zokatera pabwalo lalikulu, simulowamo popanda chilolezo. Mukalowamo mwangozi, vomerani msanga. Anthu aja saluma."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero dokotala, maso ali pa foni.

Loweruka lina mlamu atachokapo, dokotala anatenga ndege osalemba dzina lake m'buku la oyendetsa. Ankafuna chithunzi cha kiliniki yake yatsopano chojambulira kumwamba, choti akapachike pamene odwala amadikirira. Kilinikiyo inali kumanzere kwa njanji. Anazungulira denga lake katatu konse pofuna kuti chikwangwani chioneke bwino.

Kenako wailesi inatchula nambala ya ndege yake. Anali wolondolera ndege wa pabwalo lalikulu, akumuuza kuti akhotere kumanja nthawi yomweyo. Dokotala atadzutsa mutu anaona chindege chodzaza anthu, chimene chinali pafupi kutera, chikukweranso m'mwamba pomuthawa iye.

"Pepani, pepani, ndikutuluka," anatero dokotala.

"Mukatera muimbe foni pa nambala iyi," anayankha wolondolera uja.

Dokotala analibe pepala, ndiye analemba nambalayo pachikhatho. Atatera anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuganiza za odwala amene ankamutchula Kaputeni aja. Analowa m'bafa n'kuipaka sopo. Inki sinachoke yonse, moti Lolemba anasangalala kuti ntchito yake ndi yovala magolovesi.

Patapita masiku, bungwe loona za maulendo a pandege linalembera kalata mwini ndege, kufunsa amene ankayendetsa tsikulo. Mlamu anabwera nayo ku kiliniki, anakhala pamzere ngati wodwala aliyense, ndipo nthawi yake itakwana anafunsa.

"Alamu, Loweruka lija munauluka?"

"Ine? Ndinali pano tsiku lonse, ndikuzula mano. Afunseni ophunzira anu aja."

Mlamu anapinda kalata ija n'kutuluka. Anaitanidwa ku ofesi ya bungwelo, ndipo atabwerako anangouza mlongo wake kuti dzina sanapereke. A bungwe anaimitsa ndege ija, n'kumuletsanso kuphunzitsa mpaka woyendetsa adziwike. Ophunzira anayamba kusamukira kwina mmodzimmodzi.

Mkazi wa dokotala sankaileka nkhaniyi. M'mawa wina akumwa tiyi anati, "Achimwene akungokhala pakhonde tsiku lonse. Amene anawachita zimenezi amagona bwanji? Ngakhale inu bambo, simungawathandize kumufufuza?"

Mwamuna wake anasiya tiyi uja osamaliza. Dokotala anaonda, ankakalipira odwala popanda chifukwa, ndipo chithunzi chija, ngakhale chinatuluka chokongola, chinangokhala m'dirowa chozondoka. Manyazi ankamudya, komabe anapirira nawo milungu isanu. Munthu wamantha amapirira zinthu zodabwitsa.

Pamapeto pake anapita yekha ku ofesi ija. Anamulandira ndi mayi wofufuza nkhaniyo, amene sanadabwe n'komwe.

"Khalani pansi, adokotala. Mukudziwa zimene zimachitika munthu akaimba nambala ija? Timakhala naye pansi, timayala mapu, atifotokozere pamene anasokonezeka. Ambiri timangowatumiza kukaphunziranso tsiku limodzi, kalata ilowe mu failo, basi. Kusochera timakumvetsa. Koma munthu wobisa sitingamulole m'mwamba mmene muli anthu ena."

Anamuuza kuti chiphaso chake achiimitsa, ndipo nkhani ya bodzalo ipita kwa akuluakulu. Dokotala anangovomera ndi mutu.

"Koma alamu anga sanalakwe, mayi. Sankadziwa chilichonse."

Mayi uja anatseka failo. "Ankadziwa. Zonse zolankhula pa wailesi timazijambula. Tinawaikira mawuwo kuti amvetsere kamodzi kokha, ndipo pamene munati pepani, pepani, anagwira kumutu. Titawafunsa anati, munthuyu ndikumudziwa, koma ndikufuna abwere ndi miyendo yake. Tinawachenjeza kuti ntchito yawo iima. Anati iime."

Dokotala anatuluka. Anakapeza mlamu wake m'shedi ya ndege, akupukuta fumbi la milungu isanu pa phiko. Anaika kiyi uja pa tebulo.

"Alamu, ndakulakwirani. Bwanji simunangonditchula?"

Mlamu sanasiye kupukuta.

"Ndikanakutchulani, mlongo wanga akanamvera kwa ine kuti mwamuna wake anandiyang'ana m'maso n'kundinamiza. Ndinafuna amvere kwa inu. Pitani, ali kunyumba, sakudziwa kanthu."

Akuti ndege ija inayambanso kuuluka, koma mwa ophunzira asanu ndi awiri anabwerera awiri okha. Dokotala anauza mkazi wake madzulo omwewo. Mayiyo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye tsiku lija ndinkakupemphani kuti mumufufuze, munthuyo munali inu, mutakhala pompo?"

Phunziro: Ukalakwitsa, vomera tsiku lomwelo, kwa anthu oyenera. Cholakwa chimene ukanachikonza ndi foni imodzi, ukachibisa chimakagwera munthu amene amakukonda, ndipo iye amachisenza ali chete akudikira iwe. Tumizirani ena uthengawu, makamaka amene mukudziwa kuti pali foni imene akuizengereza kuimba.