Mapiko Apita kwa Wamng'ono

Chiyambireni lamulo latsopano, chipata chamakina cha padoko la Chisi sichitsegukira bwato lopanda mapiko, nsungwi zopingasa zokhala ndi zigubu kunsonga kuti bwato lisatembenuzike. Zigubu zovomerezekazo banja lililonse limalandira ziwiri zokha.

A Likongwe anali ndi akazi awiri, aliyense ndi bwato lake. Zigubu anazimangirira pa bwato la Esinala, wamng'onoyo. Nasibeko, amene anapalasa zaka makumi awiri osagwerapo m'madzi, anatsala kumtunda kumayanika matemba a mnzake.

"Bambo, ine ndinalakwanji?" anafunsa tsiku lina.

"Mnzanuyu satha kusambira."

"Ndiye kusambira kwangaku ndiwo mlandu?"

A Likongwe anangoyang'ana kumbali.

M'mawa mwake Nasibeko anadula nsungwi zazitali, nalumikiza bwato lake ku la Esinala. Chipata chinayeza kugwedera kwa mabwatowo, kenaka chinatseguka.

"Mwachita bwino, akulu," anatero Esinala akupalasa. "Ndekha ndimachita mantha."

Nasibeko anangopitiriza kupalasa. Maso ake anali pa mfundo za mapikowo. Iliyonse a Likongwe anaimanga kawiri, mosamala, pamene denga la nyumba ya Nasibeko linali likudontha chaka chachitatu.