Kheni ya Olive

Phazi linaterereka Angelina ali pakati potukwana. Ndi kheni m'manja, thibu! m'dziwe lija amatungamo madzi othirira nazale ya fodya, dziwe loti ngakhale mwamuna wamtali saponda pansi.

Madzi ake abii, ozizira. Mtima unkamuuza kuti akuwe, aphiriphithe. Koma m'makutu munabwera mawu a mlamu wake Olive, amene ankalimbana naye chiyambire m'mawa chifukwa cha kheni yomweyi: "Inu alamu, tsiku mudzagwere m'madzi mudzafa ndi pakamwa. Simutha kutseka."

Angelina ameneyo alole kuti Olive wanena zoona? Ndi pang'ono pomwe! Anatseka pakamwa kuti gwa. Anasiya kumenya madzi n'kungodekha ngati wagona pamphasa, mpaka zala zakuphazi zinakhudza matope. Kheni yodzaza madzi ija inkamukokera pansi. Anaisiya, n'kudzikankha pang'onopang'ono, kuwala kukubwera.

Atatulutsa mutu, anapeza nsonga ya chitenje ili pamphuno pake. Nsonga inayo anagwira ndi Olive, atagona chafufumimba m'matope, wangotsala ndi pitikoti, akulira mokweza ngati pamaliro.

Angelina anakwera kumtunda, n'kutsokomola, n'kugwira dzanja la mlamu wakeyo osalisiya. Zaka zonsezi anali asanaligwirepo.

"Alamu, zikomo kwambiri. Mwano wanu uja ndi umene wandisunga lero."

Olive anapukuta mamina ndi chigongono, n'kusuzumira m'dziwemo.

"Nanga kheni yanga?"